Kiyi, batire ndi pasiwedi: mafunso ndi mayankho pa ma mode a PLC ndi kuteteza memory yake

Ambiri akangoyamba kugwira ntchito ndi ma PLC, makompyuta oyendetsa makina m'mafakitale, amathamangira kuphunzira kulemba ladder, njira yolembera pulogalamu yake, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikutsegula mapanelo, mavuto aakulu amene ndakumana nawo sanachokere ku pulogalamu yolembedwa molakwika. Anachokera ku kaswitchi ka kumaso kwa CPU (ubongo wa PLC), ku batire limene aliyense analiiwala, ndi kwa munthu amene anadina download akuyesa kuti akupanga upload. Mafunso otsatirawa ndi amene amisiri anzanga amandifunsa kawirikawiri.

Kodi akamati mode ya PLC amatanthauza chiyani?

PLC ikamagwira ntchito imangozungulira pa ntchito zinayi. Imawerenga ma input onse (zizindikiro zochokera ku masensa ndi mabatani) n'kusunga mmene yawapezera, imayendetsa pulogalamu kuyambira pamwamba mpaka pansi, imatumiza zotsatira ku ma output (olamula mota, mavalavu ndi zina), kenako imayankha za pa netiweki ndi kudzifufuza yokha. Ikatha imayambiranso. Kuzungulira kumodzi kumeneku ndiye scan, ndipo pa makina ambiri kumatenga mamilisekondi ochepa chabe.

Mode ndi imene imalamula zinthu ziwiri: ndi ntchito ziti mwa zinayizi zikuchitika panopa, ndiponso ndani akuloledwa kusintha zimene zili mu memory. Anthu amakumbukira choyambacho n'kuiwala chachiwiri, pamene chachiwiricho ndiye chitetezo choyamba cha pulogalamu yanu.

Nanga n'chifukwa chiyani mayina a ma mode amasiyana pa PLC iliyonse?

Kampani iliyonse inatchula mwa njira yake, koma ganizo ndi limodzi. Pa ma controller (dzina lina la PLC) a Allen-Bradley, monga ControlLogix, kiyi wa kumaso kwa CPU amaima malo atatu: RUN (kuyendetsa makina), REM (kulamulidwa kuchokera pa kompyuta) ndi PROG (kuima kuti mulembemo pulogalamu). A Siemens amati RUN ndi STOP, ndipo pakati pake pali STARTUP, kanthawi kochepa kamene CPU imakonzekera isanayambe scan. Ma S7-300 akale a Siemens anali ndi kiyi wa malo anayi, RUN-P, RUN, STOP ndi MRES (yofufutira memory). Pa RUN-P munthu ankatha kulembamo pulogalamu makina akuyenda, pamene pa RUN ankangoiwerenga. S7-1200 ilibe switchi ya mode kumaso kwake, mode imasinthidwa kudzera pa kompyuta. A Omron ali ndi PROGRAM, MONITOR ndi RUN. MONITOR imasokoneza ophunzira ambiri chifukwa dzinalo limamveka ngati ndi yongoyang'anira, koma makina amakhala akuyenda ndithu ndipo pulogalamu imatheka kusinthidwa. Ma FX a Mitsubishi ali ndi kaswitchi ka RUN ndi STOP.

Mukafika pa PLC imene simunaigwirepo, musadalire dzina la mode. Tsegulani buku lake muone kuti pa mode imeneyo ma output amayaka kapena ayi, komanso ngati kulembamo n'kololedwa.

Ambiri amasiya kiyi pa REM. Kodi pali vuto?

Lilipo, ndipo apa ndifotokoze pang'onopang'ono.

Kiyi akakhala pa RUN, controller imakana download (kulowetsamo pulogalamu kuchokera pa kompyuta), imakana kusintha pulogalamu, ndipo palibe angaiimitse ali pa kompyuta. Akakhala pa PROG, palibe angailize ali kutali. Koma pa REM mphamvu zonsezi zimapita kwa aliyense amene ali ndi software ndi njira yolowera pa netiweki. Angathe kuiika pa Remote Program makina n'kuima pakati pa ntchito, kapena kuiika pa Remote Run wina ali m'kati mwa makinawo. Amisiri amakonda REM chifukwa imawapeputsira ntchito, sayenera kuyenda kupita kukatsegula panelo nthawi iliyonse. Ndikumvetsa, inenso miyendo imatopa. Koma kupeputsa komweko kumapeputsiranso mnzanu amene walumikiza ku adiresi yolakwika, ngakhalenso munthu wa zolinga zoipa.

Mu 2017, pa fakitale ina ya mankhwala ochokera ku mafuta ku Saudi Arabia, pulogalamu yoipa yotchedwa Triton inalowa mu ma controller a chitetezo a Triconex. Ofufuza anapeza kuti kiyi anasiyidwa pa PROGRAM, malo olola kusintha pulogalamu kudzera pa netiweki, ndipo n'zimene zinatsegula mpata wolembamo. Ma controller amenewa ntchito yawo ndi kuzimitsa fakitale zinthu zikafika poopsa. Chiwembucho chinadziwika chifukwa pulogalamu yoipayo inalakwitsa penapake, ma controller n'kuzimitsa fakitale. Pasiwedi imatheka kubedwa munthu ali kutsidya kwa nyanja, koma kiyi amafuna dzanja la munthu amene waima patsogolo pa panelo.

Choncho ntchito yokonza ikatha, bwezani kiyi pa RUN, muchotseni, ndipo akasungidwe kwa munthu mmodzi wodziwika. Dziwaninso malire ake: pa RUN ziwerengero za mu ma tag (malo a mayina mu memory), monga ma setpoint (milingo imene makina amatsatira), zimathabe kulembedwa kuchokera pa HMI (sikirini ya woyendetsa makina) kapena pa netiweki. Kiyi amateteza pulogalamu, osati nambala iliyonse.

Test mode ndi ya chiyani?

Pa Test, pulogalamu imayenda ndipo ma input amawerengedwa, koma ma output enieni salamulidwa ndi pulogalamuyo. Mumaona pa laputopu kuti coil ya mota, chizindikiro cha output yake mu pulogalamu, yayaka pamene motayo ili duu. Imathandiza poyesa dongosolo la masitepe musanalole makina kusuntha. Malire ake ndi akuti makina akapanda kusuntha, masensa sasintha, ndiye pulogalamu imene ikudikira silinda kuti ifike kumapeto idzadikira mpaka mutakhudza sensayo nokha.

Ndikaika PLC pa STOP, ndingalowetse manja m'makina?

Ayi. Ngati pali yankho limodzi loti mulisunge pa mafunso onsewa, ndi limeneli.

STOP imaimitsa pulogalamu, siidula magetsi. Mawaya opita ku mota amakhala adakali ndi moto. Mpweya m'masilinda udakali ndi mphamvu, mafuta a hydraulic chimodzimodzi, ndipo katundu amene wakwezedwa m'mwamba akhoza kutsika. Output ya transistor kapena triac ikapsa nthawi zina imatsalira yoyaka, ndipo relay ikhoza kumatirira. Zikatero CPU imakhulupirira kuti yazimitsa pamene magetsi akudutsa. Komanso wina akhoza kubweza RUN osadziwa kuti muli m'katimo.

Zimitsani pa isolator (switchi yodulira magetsi a makinawo), ikanipo loko wanu ndi kapepala ka dzina lanu, tulutsani mpweya, tchingirani chilichonse chimene chingagwe, kenako yezani ndi mita kuti mutsimikize. N'chifukwa chakenso batani la emergency stop siliyenera kudalira PLC wamba. Limadutsa pa safety relay kapena pa PLC yopangidwira chitetezo, kuti ngakhale CPU itasokonezeka makina aime.

Kodi ma output onse amazima PLC ikachoka pa RUN?

Kawirikawiri amazima, koma zimatengera mmene module inakonzedwera. Ma module ambiri amakono amakupatsani mwayi wosankha: output izime, itsale mmene inaliri, kapena ipite pa mlingo umene munaikiratu. Zimenezi zimafunika kwambiri pa ma analog output a 4 mpaka 20 mA. Valavu ya madzi oziziritsa ikatsekeka chifukwa choti CPU yaima, chotenthacho chimapitirira kutentha. Valavu ya gasi ikatsala yotseguka, ndi vuto loposa pamenepo. Palibe yankho limodzi la ma output onse, aliyense amafunika kumuganizira payekha pa nthawi yokonza makina.

Nanga magetsi akathima n'kuyakanso, PLC imadzukira pa mode iti?

Ngati kiyi ali pa RUN kapena PROG, imatsatira kiyi. Kupanda apo imatsatira zimene munaiuza. Pa S7-1200 mumasankha chimodzi mwa zitatu: itsale pa STOP, ipite pa RUN, kapena ibwerere pa mode imene inali magetsi asanathime.

Funso lalikulu ndi lakuti makinawo achita chiyani pa scan yoyamba. Bit (kagawo ka memory kokhala koyaka kapena kozima) imene inagwidwa ndi latch (lamulo loisiya yoyaka) mu memory yosafufutika imadzuka ili yoyakabe, ndipo lamba akhoza kungonyamuka popanda wodina batani. Munthu amene anapezerapo mwayi pa kuthima kwa magetsi kuti achotse chinthu chimene chinakola ndi amene amavulala. Ma PLC onse odziwika ali ndi njira yodziwira scan yoyamba: OB100 pa Siemens, S:FS pa Logix ya Allen-Bradley, M8002 pa Mitsubishi FX. Igwiritseni ntchito pozimitsa malamulo onse oyendetsa makina, kuti asanyamuke mpaka munthu atadina start.

Mu PLC muli memory ya mitundu ingati?

Ya Siemens ndi yosavuta kufotokozera. Load memory ndi mosungira pulojekiti, ndipo sifufutika magetsi akathima. Pa S7-1500 imakhala pa khadi la SIMATIC, moti popanda khadilo CPU siyenda. Work memory ndi RAM, mmene pulogalamu imayendera, ndi yachangu koma imaiwala magetsi akachoka. Retentive memory ndi kagawo kosungira ziwerengero zimene mwasankha kuti zisatayike, monga maola amene pampu yagwira ntchito, chiwerengero cha katundu wopangidwa, kapena ma setpoint. Pambali pa izi pali firmware, imene ndi pulogalamu ya kampani yopanga PLC, ndipo inu simuikhudza pokhapokha pokweza version.

Kusankha choti chikhale retentive ndi luso. Mukasunga zochepa, ogwira ntchito amalembanso ma setpoint nthawi iliyonse magetsi akathima, ndipo tsiku lina adzalemba molakwika. Mukasunga zonse, makina amadzuka akukumbukira sitepe imene siikugwirizananso ndi pamene zitsulo zaima. Kumbukiraninso kuti flash, memory ya pa khadi, imatha ikamalembedwa pafupipafupi, choncho pulogalamu yolemba pa khadi scan iliyonse imapha khadilo msanga.

Kanyali ka BAT kayaka. Ndichite changu kapena kangadikire?

Chitani changu, koma motsatira ndondomeko. Pa ma PLC akale pulogalamu imakhala mu RAM, ndipo magetsi akathima ndi batire la lithium limene limaigwira. Batire likafooka makina amayendabe bwinobwino, n'chifukwa chake kanyalika kamanyalanyazidwa miyezi. Tsiku limene magetsi athima, CPU imadzuka yopanda kanthu.

Poyamba tengani backup, kope la pulogalamuyo. Kenako werengani buku la PLC imeneyo: ena amafuna kuti musinthe batire magetsi ali oyaka, ena ali ndi capacitor imene imagwira memory kwa mphindi zowerengeka mukazimitsa. M'malo a gasi kapena fumbi loyaka muli malamulo akeake, musatsegule chilichonse popanda chilolezo. Kutentha kwa mu panelo kumafupikitsa moyo wa batire, ndipo limadyeka kwambiri pamene PLC ili yozima, ndiye makina amene akhala nthawi yaitali osagwira ntchito ndi amene ali pa chiopsezo. Lembani tsiku losinthira pa chitseko cha panelo.

Ma PLC atsopano ambiri alibe batire losungira pulogalamu. ControlLogix 5570, mwachitsanzo, ili ndi module ya capacitor imene imapereka mphamvu yokwanira kusamutsira zonse ku flash magetsi akamathima.

MRES imafufuta chiyani?

Pa S7-1500 imafufuta work memory ndi ziwerengero zonse, za retentive zomwe, kenako CPU imakoperanso pulogalamu kuchokera pa khadi. Pulogalamu imabwerera, koma ma setpoint amene munawakonza kwa miyezi amabwerera pa mlingo woyambira. Pa S7-300 yakale yopanda khadi, MRES imachotsa ndi pulogalamu yomwe. Ndaonapo amisiri akuipotoza poyesa kuchotsa fault (cholakwika chimene CPU yapeza), ngati mmene munthu amazimitsira foni n'kuiyatsanso. Si ntchito yake imeneyo.

Download ndi upload, iti ndi iti?

Download imachoka pa kompyuta kupita mu PLC. Upload imachoka mu PLC kubwera pa kompyuta. Anthu amasokoneza chifukwa pa intaneti anazolowera kuti download ndi kutenga chinthu kubweretsa kwa iwo. Pa PLC kusokoneza kumeneku kumafufuta pulogalamu imene ikuyendetsa makina n'kuikamo imene ili pa laputopu, kaya ndi yakale kaya ndi yopanda kanthu. Pa Logix download imalembanso ziwerengero za ma tag ndi zimene zili mu fayilo yanu. Musanadine, yerekezani kaye pulogalamu ya pa laputopu ndi ya mu PLC, ndipo onetsetsani dzina ndi adiresi ya controller imene mwalumikiza.

Kodi n'kwabwino kusintha pulogalamu makina akuyenda?

Nthawi zina palibe kuchitira mwina, chifukwa pali ntchito zimene sizingaimitsidwe chisawawa. Software ya Rockwell, eni a Allen-Bradley, imakudutsitsani pa masitepe atatu, accept, test ndi assemble, ndipo pa test mungathe kubwerera ku rung (mzere wa ladder) yakale ngati yatsopanoyo yavuta. Musadumphe sitepe imeneyo. Uzani woyendetsa makina musanayambe, wina aime pafupi ndi emergency stop, ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Pali msampha wina umene unandionetsa zakuda pa fakitale ina. Tinakonza pulogalamu makina akuyenda, zonse zinayenda bwino kwa milungu ingapo. Magetsi atathima n'kuyakanso, vuto lakale linabwerera lonse. Controller inakonzedwa kuti nthawi iliyonse ikamadzuka izikopera pulogalamu kuchokera pa khadi, ndipo pa khadipo panali yakale. Ogwira ntchito usiku anavutika mpaka m'mawa. Kuyambira pamenepo ndikasintha chilichonse ndimasunga malo atatu: mu controller, pa khadi, ndi mu fayilo ya pulojekiti.

Force ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani anthu amaiopa?

Force imakakamiza input kapena output kukhala yoyaka kapena yozima, posatengera zimene sensa kapena pulogalamu ikunena. Ndi yothandiza poyesa mawaya pa makina atsopano. Kuopsa kwake n'kwakuti imalambalala ma interlock onse (malamulo oletsa makina kuyenda zinthu zisanakhale bwino), ndiponso siichoka yokha. Mukachotsa laputopu imatsala, ndipo pa ma PLC ambiri imatsalabe ngakhale magetsi atathima. Sensa ya mlingo wa thanki ikafa, wina amaika force kuti ntchito ipitirire mpaka kudzabwera yatsopano, n'kuiwala. Pampu imadzayenda yopanda madzi kapena thanki imasefukira, anthu n'kumafufuza cholakwika mu pulogalamu imene ilibe vuto.

Ma controller a Logix ali ndi kanyali ka FORCE, ndipo pa S7-1500 kamayaka ka MAINT. Yang'anani tinyali timeneti musanayambe kufufuza vuto lililonse. Force imene ikuyenera kutsala ilembedwe m'buku la shifiti, ndi dzina la woika ndi chifukwa chake.

N'chifukwa chiyani memory imafuna chitetezo chochuluka chonchi?

Mu 1968 kampani ya General Motors inafuna chipangizo cholowa m'malo mwa makabati odzaza ma relay, amene ankafunika kumangidwanso mawaya nthawi iliyonse mtundu wa galimoto ukasintha. Gulu la Dick Morley ku Bedford Associates linapanga Modicon 084, imodzi mwa ma PLC oyambirira. Phindu lake lonse linali lakuti kachitidwe ka makina kasinthike popanda kukhudza waya. Phindu lomwelo ndiye chiopsezo: kusintha mawaya kunkatenga masiku ndipo aliyense ankaona, pamene rung imasinthidwa pa mphindi imodzi popanda woona. Pulogalamu yoipa yotchedwa Stuxnet, imene inadziwika mu 2010, inasintha pulogalamu mu ma PLC a Siemens ku Natanz, ku Iran, kwinaku ikubisa kusinthako kwa amene ankayang'ana pa software.

Pasiwedi imateteza chiyani, ndipo ndi yokwanira?

Pali zitetezo zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Choyamba chimaletsa kulowa mu CPU. Pa S7-1500 pali milingo inayi yodziwika: kuloledwa zonse, kuwerenga kokha, HMI yokha, ndi kutsekeratu. Chachiwiri, chimene a Siemens amati know-how protection, chimabisa za m'kati mwa block kuti ena asaone mmene inalembedwera. Chachitatu chimamangirira pulogalamu ku serial number ya khadi kapena ya CPU kuti isakopedwe n'kukayenda kwina. Palinso maswitchi ogwirika ndi dzanja: pa ma CJ a Omron, pini yoyamba ya DIP switch imaletsa kulemba mu memory ya pulogalamu, ndipo makaseti a memory a Mitsubishi FX ali ndi kaswitchi ka PROTECT.

Pasiwedi yokha si yokwanira, makamaka ikakhala imene PLC inabwera nayo kuchokera kwa wopanga. Mu November 2023 ma PLC a Unitronics anawalowerera m'malo angapo, kuphatikizapo malo opopera madzi ku Aliquippa, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Anali olumikizidwa mwachindunji pa intaneti, ndipo pasiwedi yobwera nayo inali 1111. PLC siyenera kuonekera pa intaneti. Ikhale kuseri kwa firewall, ndipo wolowa ali kutali adutse pa VPN.

Mbali inayo ndi yowawanso. Pasiwedi ikatayika, kawirikawiri njira yotsala ndi kufufuta zonse n'kuyambiranso. Ndaonapo eni makina akulephera kukonza makina awoawo chifukwa wopanga anatseka pulogalamu kenako kampani yake inatha. Pogula makina, nkhani ya pasiwedi ndi fayilo ya pulojekiti ilembedwe mu mgwirizano. Mapulogalamu a pa intaneti olonjeza kuthyola pasiwedi ya PLC apeweni, ena mwa iwo anapezeka atanyamula mavairasi.

PLC yapita pa fault yokha. Chachitika n'chiyani?

CPU imadziyang'anira. Watchdog imayeza kutalika kwa scan, ndipo ikapyola malire CPU imaona kuti china chake chalakwika, mwina loop yosatha. Pa S7-1200 malire oyambira ndi mamilisekondi 150, pa task ya Logix ndi 500. Zina zobweretsa fault ndi kuloza kunja kwa array, module imene yasowa pa rack, kapena memory imene yapezeka kuti yawonongeka. Musanafufute fault, werengani nambala yake kapena diagnostic buffer n'kulemba penapake. Kukweza nthawi ya watchdog kuti fault isabwerenso ndi kubisa matenda.

Nanga PLC ya chitetezo imasiyana pati?

Pulogalamu yake ikayesedwa n'kuvomerezedwa imapatsidwa signature, nambala yowerengedwa kuchokera ku pulogalamu yonseyo. Mukasintha ngakhale bit imodzi, signature imasintha, ndipo zimadziwika kuti chitetezo chiyenera kuyesedwanso. Pa GuardLogix mbali ya chitetezo imatsekedwa payokha ndi safety lock. Signature ilembedwe m'mapepala a makinawo kuti aliyense athe kuyerekeza.

Backup yabwino imakhala ndi chiyani?

Upload yokha siyokwanira. Pa ma PLC akale monga SLC 500, kapena S7-300 yolembedwa ndi STEP 7 yakale, ndemanga ndi mayina a ma adiresi sizisungidwa mu CPU. Mukapanga upload mumapeza ma rung opanda liwu lililonse lofotokoza, ndipo kumvetsa pulogalamu yotere kumatenga masiku. Sungani fayilo yeniyeni ya pulojekiti. Pamodzi nayo pakhale ziwerengero zimene zili mu controller panopa, version ya firmware ndi ya software, pulojekiti ya HMI, ma parameter a ma drive, ndi ma adiresi a pa netiweki. Dzina la fayilo likhale ndi tsiku, ndipo pakhale kalembera wonena amene anasintha, chimene anasintha ndi chifukwa chake.

Isungidwe malo awiri osiyana, osati pa laputopu ya munthu mmodzi yekha. Ngati muli ndi CPU yapadera m'sitolo ya zipangizo, ikanimo backup yanuyo pa benchi muone ngati ikulowa ndi kupita pa RUN. Kumeneko n'kumene mumatulukira kuti firmware siikugwirizana, kapena kuti chingwe cholumikizira PLC yakaleyo chinasowa kalekale.